Timabotolo ta Amalume Twaibu

Arubaini ya amalume anga a Twaibu, sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirireni, tachita Loweruka lapitali, ndipo mpunga unatha anthu asanathe. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja, n'kumayang'ana khamu limene linadzaza bwalo mpaka kumpanda wa oyandikana nawo. Mumtima ndinkangoti: kodi anthu awa si omwe aja anatsala pang'ono kuwathamangitsa amalume pamudzi pano? Ndi omwewo ndithu. Ena akalamba moti anachita kuwagwira dzanja, ena anatumiza ana awo ndi nkhuni ndi nsomba. Sindinakwiye. Ndinangodabwa, monga mmene amalumewo akhala akundidabwitsira kuyambira tsiku limene ndinawaona koyamba.

Tsiku limenelo ine ndinali kale mayi wa ana awiri. Referendamu inali itadutsa, othawa kwawo ataloledwa kubwerera, ndipo mlongo wawo wamkulu wa mayi anga anatsika pa lole yopita ku Dwangwa, mutu uli mbuu ndi imvi ndi fumbi lomwe. Katundu wawo anali sutikesi, mphika wa pulesha, ndi chitini cha mabisiketi chimene anachifukata pamiyendo ulendo wonse osalola aliyense kuchikhudza. Atapereka salamu ndi kulira zimene zinayenera kuliridwa, anatembenukira kwa mayi.

"Achemwali, ndabwera kudzafera kuno. Sindichokanso."

"Kufa n'kosavuta, achimwene," anatero mayi. "Yambani mwaphunzira kukhala nafe."

Mayi ankamudziwa mlongo wawo. Amalume sankaopa njoka, ng'ona kapena malungo. Chimene ankaopa chinali chimodzi, kuchotsedwanso kwawo, koma khalidwe lawo silinali la munthu woopa zimenezo.

Vuto lawo loyamba linali mafunso. M'mawa akatuluka mumzikiti sankabwera kunyumba. Ankatsikira kudoko, kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, atavala mkanjo ndi nsapato za tenisi, n'kuyamba. Bwanji nsomba ya mpasa imakwera Bua pamene usipa sukwera? Imadziwa bwanji kuti mtsinje wake ndi uno, osati wina? Ndani anayamba kuona kuti chinangwa chowawa chikaviikidwa chimaleka kupha? Asodzi athu anakulira m'nthawi imene munthu wofunsafunsa anali kazitape, ndiye ankangoyankha kuti kaya, maso ali pa ukonde. Amalume ankabwera kunyumba akudandaula kuti boma lasintha koma kaya sanasinthe. Khalidwe limeneli anafa nalo. Masiku awo omaliza kuchipatala anatopetsa anamwino ndi kufunsa kuti madzi a diripi amatani kuti azidontha mofanana chonchi, ndipo namwino wina anandipempha kumbali kuti ndiwauze agogowo apumeko.

Mafunso omwewo ndi amene anawatsekera kunja. Anachoka kuno ine ndisanabadwe, kupita ku Ulaya kukaphunzira sayansi. Pamsonkhano wa ophunzira ochokera kwathu kuno anaimirira n'kufunsa funso limodzi lokhudza boma. Funsolo linauluka kufika ku Malawi, ndipo uthenga unabwerera woti akangoponda pabwalo la ndege, kumudzi sakafikako. Ndiye anakhala. Agogo aakazi anamwalira, maliro anachitika popanda mwana wawo wamwamuna. Ife tinakula tikudziwa kuti tili ndi amalume, koma dzina lawo tinkalitchula motsitsa mawu. Atabwerera ankakondabe kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo mayi ankawabweza kuti wofunsa uja anadya chisanu cha ku Ulaya zaka zonse zija.

Vuto lachiwiri linali lalikulu kuposa loyamba: ukawafunsa iwo, ankayankha zonse. Kwathu kuno yankho timaliphika kaye, tione ngati wofunsayo angalimeze. Iwo ankapereka laliwisi. Anthu atamva kuti ndi adokotala anayamba kubwera ndi ana otentha thupi, ndipo amalume ankawalozera kuchipatala n'kuwauza mosabisa kuti udokotala wawo ndi wa tizilombo tosaoneka ndi maso, za munthu sadziwa ngakhale kubaya jakisoni. Amayi ena anachoka akupukusa mitu, ati sukulu yonse ija inangopita m'madzi.

Tizilomboto tinali m'chitini chija. Munali timabotolo tagalasi totalika ngati chala, kalikonse kali ndi zinthu zolimba ngati phala logona, pakati pake pali kamzere kotuwa. Kamzereko ndiye kanali mudzi wa mabakiteriya. Chitinicho chinkakhala mumtsuko wa mchenga wonyowa, pangodya ya chipinda chawo. Pakapita miyezi ankaphika phala latsopano mu pulesha, kuwotcha kawaya pa pulayimasi mpaka kufiira, n'kusamutsa tizilombo kuchoka m'botolo lakale kulowa m'latsopano. Tsiku limenelo panyumba panalibe kusesa, kupeta, kapena nkhuku kudutsa pakhomo. Chiyembekezo chawo chinali chakuti boma latsopano litsegula labotale ya ntchito yotereyi pa koleji ina, iwo akapereke ziweto zawozo kwa achinyamata. Kangapo anavala jekete kupita kutauni, ndipo ankabwerako chimanjamanja.

Ntchito ya tizilomboto ndinaimvetsa mwangozi, pakhonde la sitolo pamene ndinkasokera. Chisankho chitatha, amayi ambiri anatsala ndi nsalu za chipani chakale. Nsalu zinali zolimba bwino, kutaya kunali kuchimwa, koma nkhope ya mtsogoleri inali pakati, ndipo ena amuna awo anali atalowa chipani china. Ndiye ankabwera nazo kwa ine chamseri. Ndinkadula nkhopeyo n'kuikapo chigamba. Luso lake lili m'mbali: mtundu ndi maluwa a m'mphepete mwa chigamba zifanane ndi za nsaluyo, kuti diso lisagwire msoko. Pakati ukhoza kuikapo chimene ukufuna, kaya duwa kaya mbalame.

Amalume anakhala pabenchi kundiyang'ana ndikuyendetsa kansalu pamwamba pa nsalu, kufunafuna pamene maluwa akumanire. Mwadzidzidzi anaseka mpaka kutsokomola.

"Asiyatu, ntchito imene ndakalambira ku Ulaya ndi imeneyitu!"

"Munali telala, amalume?"

"Ndinali kapitawo wa atelala ang'onoang'ono kwambiri. Taimitsa makinawo."

Anandiuza kuti chamoyo chilichonse, munthu, nsomba, chinangwa, chinamangidwa ndi timaselo, ndipo m'selo iliyonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA. Pa ulusiwo ndi pamene palembedwa malangizo onse a chibadwa, akuti nsomba ikhale nsomba ndipo chinangwa ichi chiwawe. Ulusi umenewu umaduka nthawi zina. Ukaduka, m'selomo muli mapuloteni amene ntchito yawo ndi kulumikiza. Imodzi mwa iwo, imene kuntchito kwawo ankaitcha RecA, imagwira nsonga yodukayo n'kuyenda nayo pa ulusi wina wathunthu, kufunafuna malo ofanana nayo. Ikawapeza imagwirizanitsa ziwirizo, ndipo selo imakopera zimene zinatayika kuchokera pa wathunthuwo.

"Tsono ife tinaona kuti mmisiri ameneyu amakhulupirira m'mbali," anatero. "Ndiye timapanga kachidutswa kathu ka ulusi. Nsonga zonse ziwiri timazifananitsa ndi malo amene tikufuna kusintha, pakati timalembapo zathu. Iye akaona m'mbali mukufanana amakalowetsa pomwepo, chakale chija n'kuchoka. Osati paliponse ayi, pamalo pomwe taloza."

"Ndiye mumamunamiza?"

"Timamunamiza, mwanawe. Koma sanamizika wamba. Pa khamu la tizilombo lochuluka ngati usipa, tovomera chigamba timakhala towerengeka, ndiye uyambe kutisaka."

M'timabotolo muja munali mitundu imene anaiweta zaka zambiri kuti ikhale ndi amisiri oterewa ochuluka, ena obwerekedwa kwa kavairasi kamene kamagwira mabakiteriya, n'cholinga choti izivomera chigamba mosavuta. Ine chimene chinandigwira mtima ndi china. Ndinafunsa kuti kanthu kopanda maso kamadziwa bwanji kuti apa pafanana, pa ulusi wautali chonchowo. Nkhope yawo inawala. Anati kamayesa n'kusiya, kuyesa n'kusiya, monga ndinkachitira ine ndi kansalu kaja, koma chimene chimakachititsa kufulumira chotero palibe anali atachimvetsa bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo benchi ija inakhala yawo, ndipo makasitomala anga anazolowera kuyezedwa m'chiuno akumva za mapuloteni.

Ndi mayi anga ankakangana za chinangwa. Tsiku lina tikufinya chinangwa chovuulidwa kumene, amalume anangoti m'tsogolo muno anthu adzatha kulowa mu ulusi wa chinangwa n'kuchotsa malangizo a kuwawa okhawo, zina zonse n'kuzisiya, ndipo amayi adzapuma kuviika. Ankayembekeza kuthokozedwa. Mayi anapukuta manja pa nsalu yawo.

"Kuwawako ndiye mlonda wa munda, achimwene. Anyani akuopa chiyani? Nguluwe? Akuba? Ngakhale amuna athuwa, chikanakhala chozuna bwenzi atazula chonse n'kukagulitsa kumsewu. Mukachotsa kuwawa, kumunda mudzagonako ndinu?"

Amalume anakondwa nalo yankholo, moti anayendera amayi a m'mudzi kufunsa ngati akuvomereza. Koma kugonja sanagonje. Anabwera ndi yawo, yakuti chaka cha njala anthu amavuula chinangwa chisanafewe, ana n'kumasanza ndi kuchita chizungulire, ndipo mlonda amene amaluma ana a mwini munda ndi wofunika kumuganizira. Mayi anati chaka cha njala ndi chimenenso akuba amachuluka. Mkangano umenewu sunathe mpaka mayi anamwalira. Amalume ankautseka ponena kuti zomera zimakana chigamba kuposa mabakiteriya, moti onse awiri adzakhala ali m'manda asanaone amene analondola. Mawa lake ankauyambanso.

Chimene chinawapweteka anachilankhula okha, masana, mu tiyirumu ya kudoko. A Kassimu, msodzi wa mpasa, anali mmodzi mwa ochepa amene ankakonda kucheza nawo, chifukwa nawonso anali ndi kachidwi. Anafunsa kuti kodi tizilombo ta m'mabotolo timeneti kwawo n'kuti. Munthu wina akanangoti ku Ulaya, nkhani n'kuthera pomwepo. Amalume anaika kapu pansi n'kufotokoza kuti makolo a tizilomboto anatengedwa kalekale m'matumbo a munthu, m'chimbudzi cha wodwala wina, koma takhala m'galasi mibadwo yambiri moti tinafooka, m'mimba mwa munthu sitingakhalitsenso. Anthu anaseka, ena analavula. Mbali yoyamba ya yankholo inazungulira mudzi wonse tsiku lomwelo, yachiwiri palibe anainyamula.

Dzinja lotsatira mtsinje wa Bua unasefukira. Zimbudzi zinagwa, madzi a m'zitsime anasanduka ofiira, ndipo kolera inalowa. Mwa oyamba kumwalira munali Mwanaidi, mwana wamkazi wa a Kassimu, amene anali atangoyamba sukulu yaulere ija. Azaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki, sanalole amayi kulisambitsa monga mwa chipembedzo chathu. Amene sanaonepo sangamvetse. Kutaya mwana n'kopweteka, koma kumuika osamusambitsa kumasiya munthu akufunafuna woti amugwire pakhosi.

Poyamba palibe ananena poyera. Moni unangoyamba kuchepa. Benchi ya pakhonde inatsala ya amalume okha, amayi ankadutsa ndi nsalu zawo kupita kwa telala wina. Lachisanu anabwera kuchokera kumzikiti n'kutiuza, monga ankafotokozera zachilendo zimene aona kudoko, kuti pa pemphero la swala amuna amaima phewa kukhudza phewa, koma lero kumanja kwawo kunali mpata, kumanzere mpata, woti mbuzi n'kudutsa. Anayesa kuseka.

Lamlungu m'mawa kunabwera amuna, a Kassimu patsogolo. Sanatukwane, sananyamule ndodo, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Ndinayala mphasa, anakana kukhala.

"A Twaibu," anatero a Kassimu, "munanena ndi pakamwa panu kuti mukusunga tizilombo ta m'matumbo a wodwala. Tonse tinamva. Mwana wanga ndamuika ngati katundu. Mawa kudutsa lole yopita ku Salima. Mukwere, inu ndi mabotolo anu."

Amalume anafotokoza kuti kachilombo ka kolera ndi mtundu wina, kamayenda m'madzi akumwa, ndipo tawo sitinatulukepo m'galasi. A Kassimu anapukusa mutu. Ndiye analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitini chija, n'kutsegula kabotolo kamodzi.

"Chabwino. Ndimeza pamaso panu, muone ngati nditsegule m'mimba."

Mayi anawagwira dzanja. "Achimwene, simunaphunzirebe? Mukameza n'kudwala, ati ndi zomwezo. Mukameza osadwala, ati mwini mankhwala safa ndi mankhwala ake. Bwezani."

Ndinawaona amalume akusinkhasinkha mawu amenewo monga ankachitira ndi funso lililonse, mutu utapendekeka. Moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti chilichonse chikhoza kuyesedwa, anthu n'kudzionera okha. Apa anafunafuna kuyesa kumene kukanawapulumutsa, ndipo kunalibe. Anatseka kabotolo kaja.

"A Kassimu, nditati nditiphe tonse pompano, inu mukuona, ndikhala?"

A Kassimu anayang'ana anzawo, kenako pansi. "Mukhala."

Anatulutsa pulayimasi ndi pulesha pabwalo. Ine ndinkaganiza kuti angokhuthulira chitini chonse mumphika, koma ayi. Ankatenga kabotolo kamodzi, kumasula chitsekerero pang'ono, kukakweza m'mwamba n'kunena mbiri yake, ngakhale panalibe anawafunsa. Aka, ankatero, ndi kamene ndinayamba nako, kouma mutu, sikanavomerepo chigamba. Aka ndinakapeza nyengo yachisanu imene ndinamva za maliro a mayi. Kubwera sindikanatha, ndiye ndinkangokhalira kuntchito. Aka kanavomera, koma pamalo olakwika, ndipo kanandiphunzitsa zambiri kuposa anzake. Aka ndi kabwino kuposa tonse, kalibe m'bale wake kwina kulikonse. Amuna aja anaima chilili, ndipo ndinaona ena akusendera pafupi kuti aone kamzere kotuwa kaja. Amalume ankawatembenuzira kabotolo kudzuwa kuti aone bwino.

Atatseka mphika, nthunzi inayamba kulira ndipo anthu anabwerera m'mbuyo. Wina anati basi, zakwana. Amalume anati ayi, ntchito ikhale yolongosoka, ndipo anakhala padothi pambali pa pulayimasi, ndi mkanjo woyera womwewo, kudikira mpaka nthawi imene iwo ankadziwa itakwana. Ine ndinalira, ndipo kulira kwanga kunali kwa mkwiyo. Ndinakwiyira amuna aja, ndinakwiyira mayi chifukwa cholondola, ndinakwiyiranso amalume chifukwa cha pakamwa pawo posadziwa kusunga kanthu. Atazimitsa moto anaimirira n'kunena kuti madzi akumwa nawonso aziwiritsidwa. Amuna aja anali atatembenuka kale.

Kolera sinamve kuti mabotolo aphikidwa. Inapitirira kutenga anthu, mpaka kumidzi ya ku Kanyenda kumene dzina la Twaibu sankalidziwa n'komwe, ndipo inaleka azaumoyo atathira mankhwala m'zitsime, mvula n'kudula. Aliyense anaona tanthauzo lake. Kupepesa ndiye kunalibe. Kwathu kuno mwamuna wamkulu amapepesa ndi nsomba, ndipo nsomba zinayamba kupezeka pakhomo m'mawa popanda wonena kuti zachokera kuti. Mpata wa kumzikiti unatsekeka pang'onopang'ono, mbali imodzi kaye, kenako inayo.

Timabotolo anatitsuka bwinobwino, anaboola mabowo pa thabwa n'kutiimika pakhonde, nati wofuna atenge. Tinakhala pamenepo mpaka chilimwe, fumbi likulowa, anthu akudutsa chapatali. Woyamba kutenga anali a Kassimu. Anafika masana, anapereka salamu, anasankha kamodzi, anayesa ngati mbedza zikulowa, n'kukaika m'thumba la malaya. Za mwana sanatchule, za mphika sanatchule. Anangofunsa ngati amalume anapeza yankho la mpasa lija, ndipo anakhala pansi. Atatero iwo, ena anatsatira. Lero mukalowa m'nyumba zambiri za kuno mupeza kabotolo ka amalume, muli singano, fodya wa mphuno, mchere wa paulendo kapena mafuta onunkhira a Lachisanu.

Patapita zaka zochepa anapita kutauni n'kukawerenga kulaibulale kuti asayansi ena akunja akwanitsa. Anali atapeza njira yoti mabakiteriya azivomera chigamba mosavuta, ngakhale m'mbali mofananamo muli mwamufupi, pogwiritsa ntchito mapuloteni a tivairasi tonga kaja. Anatsika basi akumwetulira ngati kwabadwa mwana.

"Anyamata aja afika, Asiyatu! Njira inali yomweyo!"

Anandifotokozera masana onse, ine ndikusoka mayunifolomu. Koma chakudya cha tsiku limenelo anangochiyang'ana. Ndinawafunsa mosazungulira, monga anandiphunzitsira okha, ngati sankalakalaka akanakwera lole ija. Anaganiza kaye, chifukwa funso sankalipeputsa. Anati kudandaula amadandaula, makamaka kabwino kaja, ndipo nthawi zina amakalota. Koma ntchitoyo yapeza anthu ena oigwira, pamene manda a mayi awo analibe mwana wina wamwamuna woti aziwalambula. Labotale imene ankayembekeza ija sanaione, ndipo jekete anapatsa mwamuna wanga.

Ataona kuti kuchipatala kwalephereka, anapempha chinthu chimodzi, kuti tiwabweze kumudzi mpweya usanathe. Anatsirizikira m'chipinda chawo, windo lili lotsegula, ndipo anawaika pambali pa mayi awo. Ife amayi kumanda sitifika, koma amuna anandiuza kuti amene anatsikira m'dzenje kukalandira thupi anali a Kassimu, mawondo owawawo, ndipo achinyamata atati awathandize anawakana.

Loweruka lija anthu atabalalika ndinatsegula chipindacho kuti ndisese. Bedi lili ndi matabwa okha, matiresi tinapereka sadaka. Kofia yawo ya kumzikiti ikadali pamsomali. Mumtsuko wa pangodya mchenga unauma kalekale. Thabwa lamabowo lija latsamira khoma, ndipo mavu amata dothi m'mabowo ena.

A Kassimu anali asanapite. Anafika pakhomo la chipindacho ndi ndodo yawo, koma sanalowe. Anatulutsa kabotolo kawo m'thumba. Mbedza munalibe, popeza kunyanja analeka kale. Anakatembenuzatembenuza m'zala.

"Mwana wanga, pali chimene ndinkafuna kuwafunsa zaka zonsezi, koma pakamwa pankalemera. Tizilombo tija, mumphika muja, tinkamva kupweteka?"

Tonse awiri tinatembenukira kumpando wa pawindo umene amalume ankakhalapo poyankha mafunso athu, monga tinazolowera. Panali pilo wawo yekha, wolowa pakati, dzuwa likumuomba.